Zenera Lachinayi

Nkhaniyi sindiinena kawirikawiri, ndipo ndikati ndiinene ndimayamba ndaona kaye kumene mwana wanga ali. Inachitika kuno ku Machinjiri, m'nyumba imene tikukhalamo mpaka lero, chaka chimene Zaithwa ankaphunzira kulumikiza mawu. Zambiri zinachitika dzuwa likuwala, anthu akudutsa pamsewu, n'chifukwa chake mpaka pano masana sindiwakhulupirira kwenikweni.

Amuna anga ndi a Fanuel. Anali ndi akulu awo, a Yotamu, alamu anga. Awiriwa anagula puloti imodzi n'kuyamba kumanga nyumba ya mbali ziwiri, kuno kwathu, uko kwa alamu. Pakhoma lapakati anasiyapo khomo, chifukwa alamu ankati munthu ndi mng'ono wake sangamazungulire panja pokapempha mchere. Mbali yathu inafoleredwa msanga popeza tinali ndi mwana. Ya alamu inafika pa linta, pamwamba pa mazenera, n'kuima pomwepo. Khomo lapakatilo tinalikhomera lata kuti agalu asamalowe, ndipo alamu, amene anali asanakwatire, ankagona pabalaza pathu podikira denga lawo.

Ntchito yawo inali ya pakompyuta. Ankalemba pulogalamu yoti amisiri omanga nyumba azijambulira mapulani. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma chinthu chikamachitikira patebulo lako tsiku ndi tsiku umayamba kuchizindikira. Pulani imakhala imodzi, koma umaiona m'mazenera atatu pasikirini. Zenera loyamba limaonetsa nyumba kuchokera pamwamba, mmene amaionera khwangwala, denga litachotsedwa. Lachiwiri limaonetsa kumaso, lachitatu cha m'mbali. Ukasuntha khoma m'zenera limodzi, pulani imaitana mazenera onse n'kuwauza kuti yasintha, ndiye lililonse limajambulanso mbali yake. Alamu ankandifotokozera kuti zili ngati mayi akuitana ana ake, aliyense n'kuyankha. Poyeserera ankagwiritsa ntchito pulani ya nyumba yathu yomweyi, ndipo anajambulamo ndi katundu yemwe: bedi lathu, tebulo, mpando wandalema, ndi kabedi ka Zaithwa kamene alamu anakapangitsa kwa kalipentala mwana atangobadwa. Mwanayo ankamukonda moti anthu ena ankayesa ndi wawo.

Alamu anamwalira mwadzidzidzi. Anatuluka m'mawa kukafunsa za matabwa a denga lawo, galimoto n'kuwagunda akuwoloka msewu. Laputopu yawo anaisiya patebulo atangoipinda, osaizimitsa, monga amachitira munthu woti abwerera tiyi asanazizire.

Maliro tinakaika kumudzi ku Ntcheu. Kubanja la amuna anga kuli mwambo wake. Tsiku losesa, katundu yense wa malemu amamutulutsa pabwalo. Malume amanyamula chinthu chimodzichimodzi n'kuyankhula mokweza kuti mwini wake amve: iwe uje, nsapato izi si zakonso, watenga ndi uje. Ngakhale chisa chopesera tsitsi chimatchulidwa. Amati munthu akafa mwadzidzidzi sadziwa msanga kuti zinthu zake zili ndi eni ena, ndiye amayenera kuuzidwa.

Laputopu sinatchulidwe. Ndinazidziwa titabwerera, nditaiona ikutuluka pansi pa matiresi. Amuna anga anali atauza malume kuti inaphwanyika pangozi paja. Nditawafunsa, anati malume akanaipereka kwa msuweni wawo wina woti azikaonerapo mafilimu a karate, ntchito yonse ya anthu awiri n'kuthera pomwepo. Panalinso china. Pasiwedi ankaidziwa ndi alamu okha. Ukaipinda n'kuitsegulanso sinkafunsa kanthu, koma ikanangozima sikanatsegukanso. Choncho kuyambira tsiku la ngozi lija laputopuyo sinazimepo. Magetsi akachedwa kuyaka, amuna anga ankaikumbatira n'kuthamangira nayo kushopu ya sola kumsika. Ndinkawaseka kuti andipezera mkazi mnzanga wodya magetsi.

Zinayamba ndi mpando wandalema. Tsiku lina masana ndinaufuna kuti ndikhalepo posadzula masamba, osauona. Ndinakaupeza mbali ya alamu, m'chipinda chopanda denga, utatambasulidwa bwinobwino, utayang'ana kukhomo lapakati. Lata linali lokhomedwa monga kale. Ndinati mwina ndi ana a anansi athu, ndinaupinda n'kuubweza. Mawa lake unali komweko, utayang'ananso kukhomo.

Madzulo a tsiku limenelo, ndikuika tiyi pafupi ndi amuna anga, maso anga anagwera pazenera loyang'ana pamwamba lija. Kampando kojambulidwa sikanali pabalaza pathu. Kanali mbali ya alamu, pamalo omwewo pamene ndinapeza mpando weniweni. Nditawalozera, anaseka n'kunena kuti a Nangozo, kutanthauza ine, ayamba kuwerenga mapulani, posachedwa amisiri azibwera kwa ine. Anati mwina anakakoka okha ndi chala mosazindikira. Anakabweza pabalaza, koma tiyi uja anazizira osamumwa.

Masiku amenewo n'kuti akudandaula kuti pulogalamu ili ndi vuto limene sankaligwira. Pulani inkasintha popanda zenera limene laisintha. Ankati akatseka laputopu zonse zili m'malo, akatsegula amapeza china chasuntha. Ankayankhula okha, kukanda m'mutu, kubwerera pamzere umodzimodzi kambirimbiri.

Ine ndinali nditaona kale china chimene sindinawauze. Pansi m'chipinda mwathu ndimapaka polishi wofiira, ndiye chinthu chikakokedwa chimasiya mkwasa. Kumiyendo ya kabedi ka Zaithwa kunali mikwasa inayi. Kabedi kanali katachoka kukhoma pang'ono, mpata wolowa dzanja. Ndinakakankhira m'malo mwake n'kupukuta. Tsiku lotsatira mpatawo unali wolowa phazi. Sikankasunthira kwina kulikonse. Kankaloza kukhomo.

Pofuna kugwira vuto lawo, amuna anga anaika kabelu m'pulogalamu, kuti zenera lililonse likayankha kuitana kwa pulani kazilira kamodzi. Anati akatero adziwa zenera limene likuchita mwano. Kunali kukuyamba kuda, magetsi atazima, m'nyumba mukuwala sikirini yokha. Ine ndinali pamkeka ndikumwetsa mwana phala. Anasuntha khoma m'zenera loyamba.

Ti. Ti. Ti.

Anagwedeza mutu mokhutira. Kenako, patapita mpata woti munthu n'kumeza malovu, kanaliranso kamodzi. Kulira kwake kunali kwa pansi, konenepa, ngati belu lomwelo likulirira m'chitsime.

Ndinafunsa kuti mazenera aja alipo angati. Anasunthanso khoma, n'kusunthanso, ndipo nthawi iliyonse atatu ankayankha msangamsanga, wachinayi n'kubwera pambuyo mosafulumira. Zaithwa anasiya phala, anatembenukira kulata la pakhomo lapakati, n'kuseka mmene amasekera mwana akaona munthu amene amamudziwa.

Kuyambira pamenepo kabeluko kanayamba kulira kokha. Amuna anga apita kumsika, laputopu ili yopinda patebulo, ine ndikuchapa panja, ndinkamva. Ndipo kankalira mobwerera. Kankayamba konenepa kaja, kenako atatu aja n'kutsatira. Sindinaphunzire za makompyuta, koma zimenezo ndinazimvetsa: amene ankayankha pomaliza uja tsopano ndi amene ankayambitsa, enawo n'kumavomera. Ndikathamangira kuchipinda thovu lili m'manja, ndinkapeza mikwasa yatalika.

Mwana naye anasintha. Zaithwa anali wolira, wofuna kubere nthawi zonse. Anangosiya kulira. Akagwa ankadzuka n'kumapita. Ndikamutsitsa kumsana ankalunjika kulata lija, kuika kachikhato kake pamenepo, n'kumanong'ona. Ndikamufunsa kuti akuyankhula ndi ndani ankati “akulu”, mmene ankawatchulira bambo ake aakulu. Tsiku lina anakana phala, akuti wadya. Ndinamutsegula pakamwa. Munkanunkhira masuwiti a minti, amene alamu ankamubweretsera m'thumba la shati. M'nyumba mwathu munalibe suwiti ngakhale imodzi.

Madzulo ake ndinawadikira amuna anga pakhonde, mwana ali kumsana, chitenje nditamanga mfundo ziwiri.

“Bambo a Zai, chinthu chija chipite kwa malume akachitchule.”

Anati kwatsala pang'ono kuti pulogalamu ithe, ndipo pali mmisiri wina ku Lunzu amene akuidikira. Anati akamaliza aipititsa okha. Ndinawauza za mikwasa, za kabelu kolira kokha, za minti. Ndinkayembekeza kuti anditsutsa kapena andiseka. Sanatero. Anakhala pansi pafupi nane n'kutsitsa mawu.

“Nangozo, pali malo amene ndinkalephera. Ndikatsegula m'mawa ndimapeza akonzedwa. Kalembedwe kake ndimakadziwa. Achimwene okha ndi amene ankasiya mpata kawiri asanatseke mzere.”

Ndinawayang'ana kumaso. Ankamwetulira. Apo ndinazindikira kuti iwo anadziwa kalekale, ndipo sankachita mantha. Ankasangalala kuti akulu awo sanapite.

Ndinawauza kuti Lamlungu ndikwera basi ndi mwana kupita kwa amayi anga ku Balaka. Apo m'pamene kumwetulira kunatha. Anayamba kusintha mawu, akuti mwina ndi vuto chabe la pulogalamu, zoterezi zimachitika, ndiwapatse mpaka Loweruka aitane munthu wodziwa adzaone. Anatchula a Asiyatu, mayi wa ku Mangochi amene anaphunzira nawo kosi ya makompyuta ndipo ankagwira ntchito ku Limbe. A Asiyatuwo anali asanawaonepo alamu.

Anabwera Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo. Zaithwa anali atangondigonera kumsana, tulo tolemera, ndiye ndinamugoneka pakabedi kake kuti ndilandire mlendo. Chitseko cha kuchipinda ndinachisiya chotsegula, katani yekha atatsika, ndipo ndinasankha pokhala poti ndizimuona kataniyo.

A Asiyatu anali munthu wanthabwala. Asanakhale n'komwe anafunsa amuna anga ngati anawaitanitsadi kuchokera ku Limbe chifukwa cha belu, ngati kutchalitchi kwawo mabelu anatha. Amuna anga anati anthu a ku Mangochi za belu azidziwira kuti. A Asiyatu anati sadziwa za belu, koma amadziwa munthu amene ankakopera mayeso kwa iwo. Tinaseka tonse, ine ndemwe.

Kenako a Asiyatu akuvula nsapato anati, “Koma kuno n'kobisika, achemwali. Ndikanasochera akanapanda abambo aja aima pangodya ya nyumba yosathayo. Andilozera khomo, ati ndisagogode kwambiri mwana wagona.”

Ndinafunsa kuti anali otani. Anati aatali, koma nkhope sanaione bwino chifukwa dzuwa linali kumbuyo kwawo. Amuna anga anadzuka n'kukasuzumira panja. Anabwerako n'kutsegula laputopu.

A Asiyatu atamva mabelu anayi aja sanadabwe. Anati limeneli ndi vuto lakale, aliyense wolemba pulogalamu ya mazenera ambiri amakumana nalo. Pamakhala zenera limene linatsegulidwa nthawi ina kenako n'kutsekedwa, koma pulani sinauzidwe kuti lapita. Ndiye ikasintha imaliitanabe pamodzi ndi anzake. Anati mankhwala ake ndi ochepa: kulipeza, n'kuuza pulani kuti ilichotse pa amene imawaitana. Amuna anga anandiyang'ana ngati akuti mwamva.

A Asiyatu anayamba kufufuza, zala zikuthamanga, akuimba kanyimbo chapansipansi. Patapita nthawi kanyimboko kanatha. Anati pali chimodzi chimene sakuchimvetsa. Pulogalamu ikaitana zenera limene kulibe, imayenera kugwa pomwepo, chifukwa ikuitana pamalo opanda munthu.

“Koma yanuyi sikugwa,” anatero. “Ikuyankhidwa.”

Anati mwina laputopuyo yatopa chifukwa chosazima, tiyesere pa yawo. Amuna anga anawapatsa fulashi imene ankasungirapo ntchito yonse. Anaika pulogalamu pa laputopu yawo, imene inali isanalowepo m'nyumba mwathu, anatsegula pulani, mazenera atatu n'kubwera. Anasuntha khoma. Atatu anayankha. Tinadikira. Wachinayi analira, ndipo analira m'malaputopu onse awiri nthawi imodzi, pamene panalibe chingwe chowalumikiza.

A Asiyatu anachotsa manja patebulo n'kuwaika pamiyendo. Kenako anati iwo sakonda kugonja kwa chinthu chimene sanachione. Ngati zeneralo likuyankha ndiye kuti lilipo, ndipo alilamula kuti lionekere. Amuna anga anati mwina tisiye. Koma a Asiyatu anali atalemba kale mizere ingapo pa laputopu ya alamu n'kudina.

Zenera lachinayi linatseguka pakati pa sikirini.

Silinkaonetsa nyumba kuchokera pamwamba, kapena kumaso, kapena m'mbali. Linkaonetsa m'kati. Inali mizere yokhayokha monga mazenera enawo, koma ndinazindikira msanga: ngodya ya bedi lathu, zenera la kuchipinda, ndi kabedi ka mwana kali chapafupi. Zinkaoneka mmene angazionere munthu wamtali ataima m'chipinda mwathu, kuseri kwa katani amene ndinkamuyang'ana uja.

A Asiyatu anafunsa kuti analemba zoonetsa m'kati ndani. Amuna anga anati palibe, achimwene ankangonena kuti adzalemba denga lawo likatha.

Palibe amene anagwira laputopu. Chithunzicho chinayamba kuyenda chokha. Kabedi kanakula, kanakula, mizere yake n'kudzaza zenera lonse, monga zimakhalira munthu akamawerama.

Sindikumbukira kudzuka. Ndikukumbukira katani ali m'manja mwanga atathothoka pamsomali. Kabedi kanali pakati pa chipinda. Pamatiresi panali kadzenje kamene mwana amasiya akagona, ndipo nditaikapo dzanja panali pofunda. Mwana panalibe. Zenera la kuchipinda lili ndi zitsulo. Pansi pa bedi panali masutikesi okha.

Kubalaza ndinamva mawu a a Asiyatu, opanda nthabwala tsopano, akunena kuti likuyenda, ladutsa tebulo, lalowa pakhomo lapakati. Ndinatulukira n'kuona lata lili lokhomedwa, misomali yonse ili m'malo. Kuseri kwake Zaithwa anaseka.

Ndinathamanga kuzungulira panja. Mbali ya alamu munali dzuwa lokhalokha, udzu utamera m'ngodya, njerwa zotsala zitaunjikidwa. Mwana wanga anali pakati pa chipinda, wopanda nsapato, maso ali ndi tulo. Dzanja lake lamanja linali m'mwamba, litawongoka, zala zitafumbata pamene panalibe kanthu. Ankayenda monyang'ama, mmene amayendera mwana akagwidwa dzanja ndi munthu wamtali. Ankalowera kukhomo la kunja, loyang'ana kuthengo la kumtsinje.

Ndinamugwira m'chiuno n'kumunyamula. Miyendo inachoka pansi, koma dzanja silinatsike. Linakhala pomwepo m'mwamba ngati lamangidwa, ndipo nditakoka ndinamva kuti ndikakokanso phewa lake lichoka. Amene anagwira mbali inayo sankalimbana nane. Ankangopitiriza kuyenda pang'onopang'ono, ine n'kumakhwekhwereka pambuyo, mapazi anga akukumba dothi. Pafupi ndi nkhope yanga pankanunkhira minti.

Ndinaitana amuna anga ndi mawu amene sindinadziwe kuti ndili nawo.

Oyamba kufika anali a Asiyatu, mpango utasunthira kumbuyo, ali ndi theka la njerwa m'manja. Anati pa laputopu yawo afufuta zonse, ndipo fulashi aiphwanya, awakhululukire. Kukoka kuja sikunasinthe. Pambuyo pawo panabwera amuna anga atanyamula laputopu yotsegula m'manja awiri ngati mbale ya madzi. Ataona dzanja la mwana anaima chilili. Pasikirini zenera lachinayi linkaonetsa khomo la kunja lija, likuyandikira.

A Asiyatu anati ayesa kulichotsa m'pulogalamu koma likukana, chatsala n'kuzimitsa. Amuna anga anayang'ana laputopu. M'menemo munali ntchito yawo yonse, zithunzi za akulu awo, mawu awo amene ankajambula akamakumbutsana zochita. Fulashi inali itaphwanyika kale. Ndinaona chala chawo chikufika pabatani n'kubwerera.

“Musangozimitsa,” ndinatero. “Auzeni.”

Amuna anga anati zimenezo amanena ndi malume.

“Malume ali ku Ntcheu. Mwana ali pano.”

Tinali titafika pakhomo. Phazi langa limodzi ndinalitsamiritsa kukhoma, ndipo Zaithwa anayamba kupuma mofulumira chifukwa cha kukokedwa. Amuna anga anakweza laputopu m'mwamba mmene malume anakwezera nsapato tsiku losesa. Mawu anatuluka okhakhala.

“Achimwene a Yotamu. Ndine Fanuel. Laputopu iyi si yanunso. Ndinaibisa, malume ndinawanamiza. Ndatenga ndine. Mpando uja si wanu. Kabedi munapangitsa ndinu, koma si kanu.” Anayang'ana mwana. “Mwanayu ndi wa ine ndi Nangozo. Inu munamwalira, achimwene. Galimoto inakugundani. Tinakuikani kumudzi, pafupi ndi amayi.”

Kuyenda kuja kunaima. Dzanja la mwana linali likadali m'mwamba. Kabelu konenepa kanalira kamodzi, ndipo mazenera atatu aja sanayankhe. Amuna anga anadina batani n'kuligwira mpaka sikirini inada.

Dzanja linagwa. Ine ndi mwana tinagwera chagada paudzu. Zaithwa anayang'ana pakhomo popanda munthu, anatambasulira manja kumeneko, n'kulira kulira kumene anali atasiya masiku onse aja. Sankalirira ine. Ankapalapata kuti ndimusiye, anandiluma pamkono, koma sindinamasule. Dzanja lake lamanja linali lozizira ngati lachokera mumtsuko. Ndinaliika m'khwapa mwanga mpaka linayamba kufunda, iye n'kufunafuna bere.

A Asiyatu anali atakhala pamulu wa njerwa, akunena mapemphero a kwawo chapansipansi, njerwa ija ikadali m'manja.

Amuna anga anaika laputopu pansi mosamala. Anaiyang'ana, anayang'ana makoma opanda denga, kenako anagwada n'kuyamba kubuma. Sikunali kulira kwa mwamuna kobisa nkhope. Kunali kulira kwa pamaliro, koitana dzina, kofunsa kuti andisiyira yani. Kunamveka mpaka kumsewu.

Posakhalitsa anthu anayamba kufika. Amayi anabwera akumanga zitenje m'njira, abambo atavula zipewa. Anapeza mwamuna akulira m'nyumba yosatha, ndipo sanafunse zambiri, anangoyamba kukhala pansi m'mbali mwa khoma. Mayi ena achikulire, amene anali atangosamukira kumene m'dera lathu, anandigwira paphewa n'kufunsa monong'ona kuti watisiya ndani. Ndinati alamu anga. Anafunsa kuti liti.

Ndinayang'ana mwana ali kubere, kadzanja kake katagwira bulauzi yanga.

“Lero,” ndinatero.

Mayiwo anayala chitenje chawo paudzu n'kukhala nafe.